Gologolo Amene Anakana Kupereka Msonkho Kawiri

Padangotero, kale nyama zikadali ndi msika wawo, kunali gologolo wina wamkazi dzina lake Nangondo, amene ankasinja chiponde. Mwamuna wake anatengedwa ndi kabawi ana akadali aang'ono, ndipo kuyambira pamenepo banja lonse linkadya za mumtondo. Chiponde chakecho chinali chosalala, chamchere pang'ono, moti nyama zina zinkadutsa pabenchi pake zilibe chogula, kungofuna kununkhiza.

Ndalama za masiku amenewo zinali mawere. Ukafuna kanthu unkayeza mawere m'kansengwa n'kupereka. Tsono dzikolo linali litaonapo njala yoopsa, ndipo mfumu yawo, mayi Njovu, analamula kuti pamangidwe nkhokwe ya onse. Lamulo linali lakuti wogula aliyense azionjezera dzanja limodzi la mawere pa kansengwa kalikonse. Dzanja limenelo silinali la wogulitsa ayi. Iye ankangolisunga m'chipanda chotseka ndi chitsononkho, osapisamo chala kapena mlomo, mpaka tsiku la msonkho. Ndipo ankayenera kupatsa wogulayo lisiti, lomwe linali tsamba la mkuyu lodindidwa phazi lake. Kwa amene ankapikula katundu kuti akamukonze n'kugulitsanso, lamulo linali ndi chifundo: tsiku la msonkho ankaonetsa masamba ake n'kudzibwezera manja amene anapereka kale popikula. Motero aliyense ankasonkhera pa chimene manja ake awonjezera basi, n'chifukwa chake ankautcha msonkho wa chowonjezera.

Nangondo lamuloli sankalida. Mayi ake enieni anawaika m'manda chaka cha njala ija, choncho nkhokwe ankaidziwa ntchito yake. Aliyense wogula chiponde, ngakhale cha pakamtengo, ankachoka ndi tsamba, ndipo phazi la Nangondo linkakhala lofiira ndi katondo tsiku lonse.

Vuto linali kwa Nguluwe, khumutcha wa pamsikapo. Nthawi yokolola iye ankazungulira minda n'kugula mtedza wonse ndi chimanga chonse, moti wofuna kupikula analibe kwina kolowera koma kusitolo kwake. Dzanja la nkhokwe ankalandira. Koma tsamba, ayi.

"Mwaiwala lisiti, bwana," anatero Nangondo tsiku lina atapikula thumba la mtedza.

"Masamba atha," anayankha Nguluwe.

"Ndabwera nalo langa. Ili."

"Phazi langa likupweteka. Udzabwere mawa."

Mawa lake phazi linali litachira koma katondo anali atauma. Tsiku linalo Nguluwe anali wotanganidwa. Nangondo atabweranso, Nguluwe anamuzazira makasitomala onse akumva.

"Iwe kagologolo, umafuna mtedza kapena masamba? Ngati ndi masamba kwera mumtengo, ndi kwanu komwe!"

Tsiku la msonkho linafika. Wotolera anali Kapitawo Khwangwala, wa kolala yoyera mbee, ndipo pambuyo pake pankayenda anyani, asilikali ake. Anatera pabenchi ya Nangondo n'kugogoda chipanda ndi mlomo.

"Tsanulani chonse, mayi."

"Chonse ayi, a Kapitawo. Ndidzibwezere kaye zimene ndinapereka kwa a Nguluwe popikula mtedza."

"Masamba ali kuti?"

"A Nguluwe akukana kundidindira."

"Ndiye kuti simunapereke kanthu. Lamulo silimva nkhani, mayi, limaona tsamba."

Nangondo anadziwa kuti akatsanula chonse, mpamba wake uzingonyenyeka mwezi ndi mwezi mpaka adzasowa chopikulira. Anayeza bwinobwino gawo loyenera, n'kulithira m'thumba la Kapitawo. Kenako anatseka chipanda n'kukhalapo.

"Gawo la manja anga ndi limenelo. Linalo ndinapereka kale. Kawiri sindipereka."

Anyani anasendera kuti amuchotsepo, koma Khwangwala anakweza phiko.

"Musiyeni. Mawerewo adzabweretsa yekha atagwada. Tengani munsi wakewo, ukhale chikole."

Atachoka, Nkhanga wa pabenchi yoyandikana, amene ankakazinga zitumbuwa, anatulutsa khosi.

"Ingoperekani, achemwali. Tonsefe a Nguluwe satidindira. Ife timapereka kawiri n'kukweza mtengo wa zitumbuwa, nkhani n'kutha."

"Ndiye amene akupereka kawiri si inu, ndi ana ogula zitumbuwa zanuwo," anatero Nangondo.

"Musakweze mawu, achemwali. Ine ndili ndi anapiye."

"Nanga ine ndili ndi miyala?"

Nangondo anapita kukadandaula kwa amfumu, koma anyani a pachipata anamuuza kuti madandaulo onse amadzera kwa Kapitawo Khwangwala. Pobwerera anatola mwala wosalala wautali, n'kuyamba kusinjira umenewo. Ndipo posinja anayamba nyimbo. Inali nyimbo ya pamtondo yoyenda ndi kugunda kwa mwala, yonena kuti kadzanja kake n'kakang'ono ndipo kanapereka kale, ndiye wofuna lachiwiri adikire mchira wake umere zala. Nyimboyo inali ndi malo ovomera, koma pamsika ponse panalibe anavomera. Aliyense anangoyang'ana katundu wake.

M'mawa wina, Nguluwe asanatsegule, Nangondo anatunga madzi n'kunyowetsa pakhomo pa sitolo mpaka pachita matope. Anayala masamba a mkuyu pamwamba pake n'kukabisala kuseri kwa thumba. Nguluwe potuluka anangoti pwata, pwata, akutukwana mvula imene sanaione ikugwa. Atalowanso, Nangondo anatola masamba aja, lililonse lili ndi phazi loonekeratu, n'kukawayanika.

Khwangwala atabweranso, Nangondo anawayala pabenchi.

"Masamba aja awa, a Kapitawo. Munsi wanga ubwere."

Khwangwala anapendeketsa mutu, n'kuwayang'ana ndi diso ili, kenako ndi linalo.

"Ili ndi phazi lakumbuyo."

"Phazi ndi phazi."

"Ayi, mayi. Lakumbuyo ndi loyendera, lakutsogolo ndiye logulitsira. Komanso awa ndi matope. Lisiti imafuna katondo."

"Lamulo limenelo linabwera liti?"

"Lero. Kodi mugwada?"

"Mawondo anga ndi aafupi kale, a Kapitawo. Sindiwapindanso."

"Tengani mtondo," anatero Khwangwala.

Anyani ananyamula mtondo ndi chiponde chake chomwe, akunyambita zala. Nangondo anangotsala ndi mwala m'manja. Madzulo a tsikulo ana ake anadya mtedza wokazinga wowerengeka, ndipo wamng'ono anafunsa ngati mtondo wapita kukakonzedwa. Mayiyo anati inde.

Kutacha anapeza mphero pansi pa benchi yake, yofunditsidwa chiguduli. Anayang'ana kwa Nkhanga, koma Nkhanga anali kalikiliki kukoleza mbaula ngati sakudziwa kanthu. Nangondo anagwada pampheropo n'kuyamba kupera mtedza. Ntchito yake inali yowawa, manja anachita matuza, ndipo chiponde chinkatuluka chochepa. Koma nyimbo ija anaikweza kuposa kale, n'kuwonjezeramo kuti angamulande munsi, angamulande mtondo, koma kukhosi kwake kulibe chogwirira choti nyani n'kunyamula. Pamalo ovomera paja panamveka kamawu ka m'mphuno kuchokera kumbaula. Nkhanga atazindikira kuti ndi iye, anatsokomola n'kunamizira utsi.

Patapita masiku, Nangondo anapita kukapikula mtedza. Ali pamzere anayamba kulankhula ndi Nkhanga mokweza.

"Mwamva zimene akunena amalonda a kumisika ikuluikulu? Akuti kuno kulibe wolemera. Akuti amene timamutcha khumutcha amayenda chosavala kuphazi ngati wakumunda."

"Shh, achemwali," ananong'ona Nkhanga.

Koma makutu a Nguluwe anali ataima kale. Mzere utatha anamuitanira pambali.

"Iwe, amalondawo amavala chiyani?"

"Nsapato, bwana. Zachikopa, zolira poyenda. Amasoka ndi a Nungu, a singano zambiri aja. Koma pepani, mwina ndi zodula."

"Zodula kwa ndani?" Nguluwe anafufuma. "Ukawauze andisokere."

"Amafuna muyeso, bwana. Phazi lakutsogolo, chifukwa ndi limene anthu amayamba kuliona. Mudinde patsamba ndi katondo kuti zala zioneke bwino."

Katondo amene anali wouma masiku onse aja anapezeka ali wonyowa. Nguluwe anaviika phazi n'kudinda.

"Izo ndi za pamsika," anatero Nangondo akutulutsa tsamba lina. "Nanga za kuukwati?"

Nguluwe anadinda.

"Za kumaliro? Simungavale za kuukwati kumaliro, anthu angakuneneni."

Anadinda. Anadindanso za nthawi ya mvula, za nthawi ya fumbi, za poyenda kwa apongozi, mpaka masamba anakwana matumba onse amene Nangondo anapikulapo.

Ulendo uno Nangondo anadikira kuti msika udzaze. Khwangwala atatera, anayala masamba aja pamaso pa onse.

"Lakutsogolo. La katondo. Ngati pali lamulo lina la lero, linenereni pano anthu amve."

Nyama zinaunjikana. Khwangwala anayang'ana ndi diso ili, n'kuyang'ana ndi linalo. Ndiye anasonkhanitsa masamba onse pamlomo.

"Ndikawaunike pamalo owala," anatero mawu akutuluka m'mbali.

Anauluka pang'onopang'ono, ndipo atafika pamwamba pa mbaula ya Nkhanga anayasamula, khwaa! Masamba ouma aja anagwera pamakala n'kungoti lawi. Nangondo anadumpha kuti awapulumutse, koma anangowauka ndevu.

"Pepani, ngozi," anatero Khwangwala akutera. "Tsono masamba ali kuti, mayi?"

Aliyense anaona, koma palibe anatsegula pakamwa.

Khwangwala anatembenukira kwa anyani. "Mangani benchi yake ndi luzi. Asagulitsenso. Tsiku limene amfumu adzabwere kudzayendera msika ndidzamuimika pabwalo, wokana msonkho ameneyu, ndipo adzasamuka m'dziko muno ndi ana ake omwe."

Nangondo anakhala pansi pafupi ndi benchi yomangidwayo. Chimene chinkamuzunguza mutu n'chakuti, Kapitawo wa amfumu angatenthe bwanji masamba kuti ateteze Nguluwe? Dzuwa lili paliwombo anaona Khwangwala akuzemba kulowera kuseri kwa sitolo. Nangondo anakwera padenga, n'kupatula udzu pang'ono, n'kusuzumira.

Nguluwe anali atayala mphasa. Anazula chitsononkho pachipanda cha nkhokwe n'kukhuthula mawere onse. Kenako anamiza mphuno yake mpaka m'maso, uku Khwangwala akujompha, akugudubukamo ndi mapiko ngati nkhuku yosamba fumbi.

"Kagologolo kaja kagonja?" anafunsa Nguluwe akutafuna.

"Kagonja mawa kapena mkuja. Njala ya ana ndiye ikagwaditse."

"Nanga amfumu akafunsa za chipanda changa?"

"Amfumu maso awo ndi ine. Idyani, achimwene."

Nangondo anatsika mwakachetechete. Tsopano anadziwa. Mawere amene ankayenera kudikira chaka cha njala ankathera pamphasa masana alionse, ndipo nkhokwe inkadzazidwa ndi dzanja lachiwiri la anthu a mabenchi. Koma angamumvere ndani? Pabwalo pakanakhala mawu a gologolo wogulitsa chiponde ndi mawu a Kapitawo wa kolala. Anayenda osaona kumene akupita, ndipo panjira mchira wake unakhudza chitedze chimene chinayanga pachitsamba. Kuyabwa kwake anadumpha m'mwamba. Anakanda, anagubuduka, anatukwana. Kenako anasiya kukanda, n'kuchiyang'anitsitsa chitedzecho.

Tsiku loti amfumu abwera litafika, Nangondo anadzola mafuta a mtedza m'manja, n'kupala ubweya wa chitedze ndi kabango, kuusakaniza ndi mawere m'kachikho. Anasesa mawere onse otsala m'nyumba, amene ana akanadya, n'kupita nawo kusitolo m'mawa. Atafika pamaso pa Nguluwe anagwada.

"Ndagonja, bwana. Ndipatseni mtedza, za masamba ndasiya. Pabwalo ndikapepesa."

Nguluwe anaseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Mwaona? Kankati mawondo ake sapindika! Nanga nsapato zanga zili pati?"

"Akumalizitsa zingwe, bwana. Dzanja la nkhokwe ili, ndabwera nalo losefukira. Ndithire ndekha, musadetse phazi."

Anakhuthulira kachikho kaja m'chipanda, n'kutseka, n'kuchikhutchumula bwinobwino ngati akufuna kuti mawere akhazikike. Potuluka anakumana ndi Nkhanga, amene anamuyang'ana mwachisoni.

"Inunso mwagwada, achemwali?"

"Masana mukakhale kutsogolo," anayankha Nangondo. "Koma musakhale pafupi ndi nsanamira."

Dzuwa litapendeka, mayi Njovu anafika. Anali wokalamba, wa maso ofooka, ndipo anakhala pansi pa chisakasa akuusa moyo chifukwa cha ulendo. Nyama zonse zinaomba m'manja. Nangondo anaimikidwa pakati, chipanda chake chili pambali. Khwangwala anabwera mochedwa, nthenga zili nyankhalala.

"Amfumu, mwini dziko," anayamba, "mayi uyu..." Anasiya n'kupisa mlomo kunkhwapa. "Mayi uyu wakana..." Anapisanso kunkhwapa kwina. "Wakana msonkho wa..." Anakweza mwendo n'kukanda pakhosi mpaka kolala inapindika.

"A Kapitawo, mwatani?" anafunsa Njovu.

"Palibe, amfumu. Utitiri wa nyengo ino. Mboni yanga ndi a Nguluwe."

Nguluwe analowa m'bwalo cham'mbali, mphuno itatupa, maso ali psuu. Anayesa kugwada, koma kuyabwa kunamugwira pamsana. Anathamangira pansanamira ya chisakasa n'kuyamba kudzikhula. Nsanamira inagwedera, udzu n'kuyamba kugwera pamutu pa amfumu.

"Mugwireni uyo!" anafuula Njovu akugwiriza denga ndi chitamba. "Kodi kwagwa chiyani pamsika pano?"

Pamenepo Nangondo, m'malo mopepesa, anayamba kuimba. Analibe mtondo, analibe mphero, ankangoomba m'manja a matuza aja. Inali nyimbo yomwe ija ya kadzanja kamene kanapereka kale, koma tsopano anawonjezera funso lakuti, ngati dzanja loyamba linapita kunkhokwe, nanga bwanji likuyabwa anthu kunkhwapa? Ana a nyama anayamba kuseka.

Khwangwala anamvetsa. Anadumpha m'mwamba ndi ukali.

"Ndi iyeyu! Amfumu, mfiti iyi yathira chitedze m'chipanda cha nkhokwe! Chitedze m'chakudya cha dziko!"

Kuseka kunatha. Njovu anatembenuza khutu pang'onopang'ono.

"Chipanda chake chiti?"

"Cha a Nguluwe, amfumu."

"Chotseka ndi chitsononkho chija? Chimene ndinati pasapezeke wopisamo chala kapena mlomo mpaka tsiku la msonkho?"

"Inde, amfumu."

"Tsono inu mwadziwa bwanji zimene zili m'katimo?"

Nguluwe, amene anali akugubuduka m'fumbi, analoza Khwangwala n'kukuwa asanafunsidwe.

"Ndi iyeyu anati tidye msanga lero musanafike! Ine ndimati tidikire mawa!"

"Khalani chete, achimwene!"

"Chete wa chiyani? Theka lonse umadya ndiwe!"

Njovu anatuma nyani kuti akatenge chipanda cha Nguluwe. Atachigwedeza, munangolira timawere tochepa pansi. Amfumu anachiika pansi n'kufunsa nyama zonse.

"Alipo wina amene amapikula kwa a Nguluwe osalandira tsamba?"

Nkhanga anaimirira.

"Ine, amfumu. Chiyambire sindinalionepo. Ndipo masamba a achemwaliwa anapsera pambaula panga, ine ndikuona. A Kapitawo anawagwetsa dala."

"Nanenso," anatero wina kumbuyo. "Ifenso," anatero enanso. Nangondo anayambanso nyimbo ija, ndipo ulendo uno pamalo ovomera panavomera msika wonse, mpaka anyani ena anayamba kugwedeza mitu Kapitawo wawo akuona.

Njovu anakweza chitamba ndipo phokoso linatha. Analamula kuti sitolo ya Nguluwe itsegulidwe, mawere onse amene anadyedwa abwezedwe kunkhokwe, ndipo aliyense amene anapereka kawiri abwezeredwe lake. Khwangwala anamuchotsa ukapitawo pomwepo. Anafuna kumuvulanso kolala, koma palibe analimba mtima kuigwira chifukwa cha chitedze, ndiye anapita nayo. Mpaka lero akatera amayamba wajompha kunkhwapa, ndipo Nguluwe sadutsa mtengo kapena chithaphwi osadzikhulapo.

Anyani anabweza munsi ndi mtondo n'kudula luzi pabenchi. Nyama zinayamba kubalalika, koma Njovu anati, "Nangondo atsale."

Nangondo anaima patsogolo pa amfumu, mchira ukumuyabwabe.

"Mwana wanga, mlandu wako wakukana msonkho watha. Koma chitedze chija unachithira m'chakudya cha dziko. Chikanafika kunkhokwe, akanayabwidwa ndi ana a anthu chaka cha njala."

"Ndinadziwa kuti sichifika, amfumu. Ndinaona ndi maso anga kumene chimathera."

"Bwanji sunadzandiuze?"

"Ndinabwera. Pachipata panu anandiuza kuti madandaulo amadzera kwa a Kapitawo. Ndikanakadandaula za khwangwala kwa khwangwala?"

Anyani anayang'ana pansi. Njovu anapukusa makutu.

"Chipata chimenecho ndichikonza. Koma mlandu ndi mlandu. Sindingalole kuti mawa aliyense wokwiya azithira zake m'chipanda. Ulipira mphika wa chiponde."

"Mphika wonse, amfumu? Ana anga adya mtedza wowerengeka mwezi wonse uno."

"Mphika wonse."

Nangondo anakukuta mano, koma anadziwa kuti apa amfumu sanalakwitse. Anabwerera pabenchi pake, n'kusinja mtedza umene anapikula m'mawa uja, Nkhanga akumuthandiza kupeta. Dzuwa lisanalowe anabwera atasenza mphika wodzaza, n'kuutula pamapazi pa amfumu. Njovu anapisamo nsonga ya chitamba, n'kulawa, n'kutsinzina.

"Chabwino, mwana wanga. Mlandu watha. Pita."

Nangondo sanasunthe.

"Ndati pita."

"Ndikudikira lisiti, amfumu."

Anyani anangoti kukamwa yasa. Nkhanga anabisa mutu m'phiko.

"Lisiti? Ine?"

"Mwalandira, amfumu. Mawa kudzabwera kapitawo wina, adzati sindinalipire. Ine kawiri sindipereka."

Anatulutsa tsamba la mkuyu n'kuliyala pansi, ndi kachikho ka katondo pambali pake. Njovu anayang'ana kanyamako nthawi yaitali. Kenako anakweza phazi lakutsogolo. Katondo wa m'kachikho anangokwana chala chimodzi, ndipo tsamba lija litapondedwa silinaonekenso. Analowa nalo m'dothi.

"Ili silikuwerengeka, amfumu," anatero Nangondo.

Njovu anayamba kuseka, kuseka kwa pansi pamimba, mpaka chisakasa chimene chinapulumuka kwa Nguluwe chinagwera mbali imodzi. Anatuma anyani kuti akadule tsamba la nthochi ndi kukanda katondo m'beseni, ndipo anadinda bwinobwino msika wonse ukuona. Tsambalo linali lalikulu kuposa mwini wake. Nangondo analigwira kunsonga ndi mano, Nkhanga n'kugwira kumbuyo, ndipo analikoka kudutsa pakati pa mabenchi, nyama zikupatuka kuti lidutse lisanafufutike.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione, isanasanduke khala.